Nkhonya za ku Kinshasa: Kodi George Foreman Anali Ngwazi Yeni-yeni?

PAMENE mbiri inamveka kuti George Foreman wamwalira pa 21 Malici 2025 mumzinda wa Houston ku America, ali ndi zaka 76, okonda masewera a nkhonya anautsanso mkangano umene watha zaka zoposa 50 osazilala. Mkanganowu unabadwa m'mbandakuca wa pa 30 Okutobala 1974 ku Kinshasa, pamene Muhammad Ali anagwetsa Foreman ndi kumulanda lamba wa dziko lonse. Kuyambira tsiku limenelo, amuna akakhala pansi kukamba za nkhonya, funso limabwera lomweli: kodi Foreman anali ngwazi yeni-yeni imene inakumana ndi munthu woiposa nzeru, kapena anali cimphona cabe cimene anthu anacikweza mopitirira muyeso?

Akulu anati mlandu suola. Funso ili liyenera kuweruzidwa monga mmene mlandu uweruzidwira pabwalo la mfumu: ciyambi ca nkhani cifotokozedwe, mbali zonse zimvedwe, ndipo pambuyo pake mboni ziitanidwe.

Munthu amene onse anali kumuopa

Foreman anabadwa pa 10 Januwale 1949 ku Marshall m'cigawo ca Texas, nakulira mu umphawi ku Houston. Mu 1968, ali ndi zaka 19, anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku Mexico City. Iye anali wa gulu la heavyweight, ndiko kuti gulu la amuna olemera koposa, limene ngwazi yake imayesedwa mfumu ya omenya nkhonya onse.

Pa 22 Januwale 1973, ku Kingston m'dziko la Jamaica, anakumana ndi Joe Frazier, mwini lamba pa nthawiyo, munthu amene anali asanagonjepo. Foreman anamugwetsa maulendo 6 m'maraundi awiri okha, natenga lamba. Caka comweco ku Tokyo anamaliza José Roman m'raundi yoyamba, ndipo mu Malici 1974 ku Caracas anamaliza Ken Norton m'raundi yaciwiri. Cimene cinaopsa anthu ndi cakuti Frazier ndi Norton ndiwo anali amuna awiri okha amene anagonjetsapo Ali, ndipo Norton anacita kumuthyola nsagwada mu 1973.

Pofika ku Kinshasa, Foreman anali atamenya nkhonya maulendo 40 ndi kupambana onse, 37 mwa iwo nthawi isanakwane. Anali ndi zaka 25. Ali anali ndi zaka 32, ndipo anali atataya zaka zitatu ndi theka za unyamata wake ali kunja kwa bwalo, pakuti mu 1967 anamulanda lamba ndi kumuletsa kumenya cifukwa cokana kulembedwa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Olemba nkhani ambiri sanali kufunsa kuti adzapambana ndani. Anali kudera nkhawa kuti Ali adzapwetekedwa koopsa.

Cifukwa cimene Kinshasa inakondera Ali

Nkhonyazi anazikonza ndi Don King, amene analonjeza madola 5 miliyoni kwa aliyense wa amuna awiriwa. Boma la Pulezidenti Mobutu Sese Seko linazilandira kuti dzina la Zaire, dziko loyandikana ndi Zambia limene tsopano lichedwa Democratic Republic of Congo, limveke pa dziko lonse. Zinayenera kucitika mu Seputembala, koma Foreman anatemeka pamwamba pa diso lamanja pokonzekera, ndipo tsiku linasunthidwa ndi milungu 5.

Milungu imeneyi Ali anaigwiritsa nchito bwino. Anali kuyenda pakati pa anthu, kuseka ndi ana, ndi kutsogolera khamu pofuula m'Cilingala kuti "Ali bomaye", kutanthauza kuti "Ali, mupheni". Anthu a mu Africa anali kumukonda kale cifukwa cokana nkhondo ndi cifukwa colankhula mosaopa za ufulu wa munthu wakuda, pa nthawi imene maiko ena a kumwera kwa Africa anali akali m'manja mwa atsamunda. Foreman anali wosalankhula-lankhula, wokonda kukhala yekha. Anatsika ndeke ali ndi galu wamkulu wa mtundu wa German shepherd, osadziwa kuti agalu otere anali kukumbutsa anthu a kumeneko za apolisi a atsamunda a ku Belgium. Ena anali kukumbukiranso kuti mu 1968 anakupiza kambendera ka America m'bwalo, patangopita masiku owerengeka othamanga awiri akuda, Tommie Smith ndi John Carlos, atakweza zibakera potsutsa tsankho.

Mfundo iyi ndi yofunika pa mlanduwu. Belu lisanalire, mitima ya anthu inali itaweruza kale, ndipo zambiri zimene zinanenedwa za Foreman pambuyo pake zinacokera m'cikondi ca anthu pa Ali.

Mmene nkhonya zinayendera

Nkhonya zinacitika patapita masiku 6 Zambia atakondwerera zaka 10 za ufulu. Anthu pafupi-fupi 60,000 anasonkhana m'bwalo la Stade du 20 Mai. Zinayamba ca m'ma 4 koloko m'mamawa, imene ili 5 koloko kuno ku Zambia, kuti a ku America aonerere madzulo pa nthawi yao. Masiku amenewo nkhonya za lamba zinali za maraundi 15, raundi iliyonse ya mphindi 3, ndi kupuma kwa mphindi imodzi pakati. Munthu akagwa, refali amawerenga kufika pa 10, ndipo wosadzuka ndiye wagonja.

Onse anali kuyembekeza kuti Ali adzavina ndi kuthawa-thawa monga mwa cizolowezi cake. M'raundi yoyamba anadabwitsa anthu poyamba ndiye kuponya nkhonya zadzidzidzi za dzanja lamanja kumaso kwa Foreman. M'raundi yaciwiri anawadabwitsanso koposa: anabwerera ku zingwe, natsamira cagada, nabisa nkhope ndi magolovesi ndi kuchinga nthiti ndi zigongono. Foreman anayamba kumusinja monga cimanga mumtondo. Nkhonya zambiri zinagwera pa mikono ndi m'mbali, zina zinapita mumphepo pakuti mutu wa Ali unali kutali, koma zina zinalowadi m'thupi. Ali anali kumugwira pakhosi ndi kumukokera pansi, kumunong'oneza mau acipongwe, ndipo raundi ikamatha anali kubwezera nkhonya zofulumira zimene zinatupitsa nkhope ya Foreman.

M'raundi ya 5 Foreman anataya mphamvu zake zonse, koma Ali sanagwe. Kuyambira pamenepo manja a mwini lamba analemera ndipo miyendo inayamba kukoka. M'raundi ya 8, kutatsala kanthawi kocepa, Ali anacoka pa zingwe naponya nkhonya zotsatizana, yotsiriza ya dzanja lamanja. Foreman anazungulira nagwa. Anayesa kudzuka, koma pamene anali kuimirira, refali Zack Clayton anatambasula manja kuthetsa nkhonya, kutatsala masekondi awiri kuti belu lilire. Posapita nthawi cimvula cinagwa ndi kudzaza bwalo lonse.

Gulu loyamba: anali mkuyu

Okonda nkhonya anagawanika patatu. Gulu loyamba, limene linali lalikulu ndi laphokoso, linati Foreman anali cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Iwo anati munthuyu anali kudziwa cinthu cimodzi cokha, kuponya zibakera, ndipo analibe mpweya, analibe macenjera, analibenso mtima wopirira. Anati amene anawagonjetsa anali atafa kale ndi mantha asanalowe m'bwalo.

Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono, koma mboni ziwatsutsa. Joe Frazier sanali munthu wamantha. Anamenyana ndi Ali katatu, maraundi 41 onse pamodzi, ndipo Ali sanamugwetsepo pansi ngakhale kamodzi. Ken Norton anamenyana ndi Ali katatu, maraundi 39, ndipo nayenso sanagwe. Amuna omwewa Foreman anawamaliza m'maraundi awiri aliyense. Mkuyu wa nyerere sucita zotere.

Palinso cina cimene gulu ili linaiwala. Wocepetsa Foreman acepetsanso Ali. Mlenje wobwera ndi kalulu salandiridwa m'mudzi monga wopha mkango umene unali kutha ng'ombe. Ngati Foreman anali wacabe, ndiye kuti ku Kinshasa sikunacitike codabwitsa ciliconse, ndipo palibe cifukwa cokumbukira tsikulo kufikira lero.

Gulu laciwiri: anamubera

Gulu laciwiri linati Foreman sanagonje mwacilungamo, ndipo mtsogoleri wa gulu ili anali Foreman mwini. Madandaulo anali atatu. Loyamba linali lakuti a mbali ya Ali anamasula zingwe dala kuti munthu wao atsamire kutali. Laciwiri linali lakuti madzi amene anamwa asanalowe m'bwalo anali kumveka mankhwala. Lacitatu linali lakuti refali anawerenga mofulumira.

Pa za zingwe, Angelo Dundee, mphunzitsi wa Ali, ananena kufikira imfa yake kuti anazipeza zili zolendewera ndipo iye anayesa kuzikunga, osati kuzimasula. Amene anali pafupi anamumva akufuulira Ali kuti acoke pa zingwepo, cimene cisonyeza kuti njira imeneyi sinali yopangana. Pa za madzi, amene anamupatsa anali Dick Sadler, mphunzitsi wake yemwe, ndipo palibe umboni umene unaperekedwapo. Pa za kuwerenga, ndi zoona kuti Foreman anali kudzuka pamene refali anathetsa nkhonya, ndipo pamenepa okangana ali ndi pogwira. Komabe oweruza onse atatu anali atalemba kuti Ali ali patsogolo pa mapointi, ndipo kutsogolo kunali maraundi ena 7 oyembekeza munthu amene anali atatheratu.

Dandaulo limodzi la gulu ili ndi lomveka: Ali sanamupatse Foreman mwai wobwereza. Anamenyananso ndi Frazier ndi Norton, koma ndi Foreman iyai. Omukonda Foreman amati Ali anadziwa kuti msampha umodzi sugwira nyama yomweyo kawiri. Ngakhale zili tero, madandaulo a zingwe ndi madzi anaononga dzina la Foreman koposa kugwa kwake. Anthu amakhululukira munthu wogonja, koma amatopa naye wogonja amene tsiku lililonse abwera ndi cifukwa catsopano.

Gulu lacitatu: anagonja ndi kusazolowera

Gulu lacitatu linali locepa ndipo mau ake sanamveke msanga. Ilo linati Foreman anali ngwazi ndithu, koma cipambano cofulumira cinamumana maphunziro. Nkhonya zake 8 zotsiriza asanapite ku Kinshasa, kuyambira mu 1972, palibe imene inapitirira raundi yaciwiri. Anali ngati mlimi wamphamvu wozolowera timinda tating'ono, amene tsiku lina apatsidwa munda wofuna tsiku lathunthu: agwetsa khasu ndi ukali wonse m'mamawa, ndipo dzuwa likafika pamutu wagona pamthunzi, mizere yambiri ikali. Ali anali atamenyapo maraundi 15 ndi 12 kambirimbiri, ndipo anadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti aone gulu limene linanena zoona, anthu anayenera kudikira zaka 20.

Mboni za zaka zotsatira

Poyamba zinthu zinaoneka ngati zikomera gulu loyamba. Mu Epulo 1975 ku Toronto, Foreman anamenyana ndi amuna 5 tsiku limodzi pofuna kusonyeza kuti mpweya ali nao, koma anthu anamuseka, ndipo Ali anali pambali pa bwalo akumunyodola. Mu Januwale 1976 ku Las Vegas anakumana ndi Ron Lyle, amene anamugwetsa kawiri m'raundi ya 4. Foreman anadzuka maulendo onse awiri namaliza Lyle m'raundi ya 5, ndipo onena kuti alibe mtima anasowa conena. Mu Juni caka comweco anagonjetsanso Frazier m'raundi ya 5. Koma pa 17 Malici 1977 ku San Juan, Puerto Rico, nthenda yakale inabweranso: anatopa m'maraundi otsiriza, Jimmy Young anamugwetsa m'raundi ya 12 napambana pa mapointi.

Usiku umenewo, m'cipinda covalira, Foreman anadwala kwambiri, ndipo iye mwini anati anaona imfa nakumana ndi Mulungu. Anasiya nkhonya ali ndi zaka 28, nakhala mlaliki ku Houston, kumene pambuyo pake anatsegula malo osamalira acinyamata. Anasimba yekha kuti m'zaka zimenezi ndi pamene anayamba kuvomera pamaso pa anthu kuti Ali anamugonjetsa, ndipo cidani cinacoka mumtima mwake. Cipsera sicinathe konse, pakuti nkhani ya madzi anaibwerezanso m'buku lake la mu 2007, koma sanalinso munthu wokhalira kubwezera.

Mu 1987, ali ndi zaka 38, anabwerera m'bwalo kuti apeze ndalama zoyendetsera malo a acinyamata aja. Ku Kinshasa anali wolemera makilogalamu pafupi-fupi 100. Tsopano anali oposa 120, wadazi ndi wamimba. Anthu anaseka. Koma anali atasintha kamenyedwe. Sanali kuthamangira kumaliza. Anali kuyenda pang'ono-pang'ono, kuyesa mnzake ndi dzanja lamanzere ndi kusunga mphamvu, ndipo pa nthawi yopuma anali kuimirira osakhala pampando. Anapambana maulendo 24 motsatizana. Mu Epulo 1991 ku Atlantic City anamenyana ndi mwini lamba Evander Holyfield, wa zaka 28. Foreman, wa zaka 42, anagonja pa mapointi, koma anamaliza maraundi onse 12 ali ciliri. Munthu amene anamunena kuti alibe mpweya anauonetsa ali pa msinkhu umene anzake anali atapuma kale.

Usiku wa ku Las Vegas

Pa 5 Novembala 1994, patapita zaka 20 ndi masiku 6 cicitikire za ku Kinshasa, Foreman analowa m'bwalo ku Las Vegas kukumana ndi Michael Moorer, mnyamata wa zaka 26 amene anali asanagonjepo ndipo anali atalanda lamba kwa Holyfield. Foreman anali ndi zaka 45. Anavala kabudula wofiira yemwe uja anavala ku Kinshasa, ndipo mmodzi wa omuthandiza pakona pake anali Angelo Dundee, munthu amene kale anamunena kuti anamasula zingwe.

Kwa maraundi 9 Moorer anamumenya, diso la Foreman linatupa, ndipo oweruza onse atatu anali atamulemba kuti ali pambuyo. M'raundi ya 10 Foreman anaponya lamanzere, natsatiza lamanja lalifupi pacibwano. Moorer anagwa cagada ndipo sanathe kudzuka refali asanafike pa 10. Foreman anapita pakona nagwada kupemphera. Anakhala munthu wamkulu koposa onse amene anatengapo lamba wa heavyweight.

Otsutsa sanathe. Ena amati inali nkhonya ya mwai. Amakumbutsa kuti mu 1993 anagonja kwa Tommy Morrison ndipo sanayenere kupatsidwa mpata wa lamba, kuti sanakumanepo ndi Mike Tyson kapena Lennox Lewis, ndi kuti mu 1995 oweruza anamupatsa cipambano pa Axel Schulz cimene ambiri sanagwirizane naco. Zakuti anagonja kwa Morrison, zakuti sanakumane ndi awiri aja, ndi za mkangano wa Schulz, zonse ndi zoona. Koma kunena kuti unali mwai ndi kuiwala maraundi 9 amene anapirira akudikira kuti mnyamatayo aime patsogolo pake. Galu wamkota sakandira pacabe. Cimene Ali anamucita ku Kinshasa, kulandira nkhonya modekha ndi kudikira mphindi imodzi yoyenera, ndico cimene Foreman anacita kwa Moorer.

Ciweruzo

Foreman anamenya komaliza mu 1997, ali ndi zaka 48. Pa nkhonya zake zonse 81 anapambana 76, ndipo 68 mwa izo anamaliza nthawi isanakwane. Anagonja maulendo 5, koma munthu mmodzi yekha ndiye anamugonjetsa nthawi isanakwane: Muhammad Ali.

Amuna awiriwa anakhala mabwenzi. Mu 1997, pamene filimu yosimba za nkhonya za ku Kinshasa inalandira mphoto ya Oscar, Ali anali atafooka ndi matenda a Parkinson, amene anapezeka nao mu 1984. Pokwera masitepe kukalandira ulemu, amene anamugwira mkono anali Foreman. Ali anamwalira pa 3 Juni 2016.

Mboni zikamvedwa zonse, gulu lacitatu ndilo linaona bwino. Foreman sanali mkuyu wa nyerere, ndipo sanaberedwe. Anali ngwazi ya zaka 25 imene inali isanaphunzire kudekha, ndipo inagonja kwa munthu amene anali atakuphunzira kale. Amene anamuweruza m'mamawa wa pa 30 Okutobala 1974 anaweruza mlandu mboni zambiri zisanafike. Mkangano umene ungatsale ndi wakuti ayikidwe pa malo ati pakati pa ngwazi monga Joe Louis, Ali ndi Larry Holmes, ndipo umenewo okonda nkhonya adzapitiriza kuukamba. Koma kuti dzina lake lili pakati pa maina amenewa, pamenepo mlandu unatha ku Las Vegas mu 1994.